Mapazi a Mlembi ku Dartmoor

Ulendo uno ndapempha akonzi athu kuti andilole ndikutengereni kutali pang'ono, ku Mangalande, kumalo otchedwa Dartmoor. Kumeneko kulibe mzinda wotchuka kapena minda yachonde yoti munthu n'kuisirira. Kuli udzu, miyala, matope ndi chifunga basi. Komabe malo amenewa ndiwo anabala buku limene ndaliwerenga maulendo angapo osatopa nalo, lotchedwa The Hound of the Baskervilles, ndiko kuti chigalu cha banja la a Baskerville, lolembedwa ndi Arthur Conan Doyle. Ndi nkhani yopeka ya mlandu wakupha, ndipo wofufuza mlanduwo ndi tekitivi uja Sherlock Holmes, amene ngakhale anthu osakonda kuwerenga anamvapo dzina lake.

Nkhani zambiri za Holmes zimachitikira mu mzinda wa London, ndipo kunena zoona, zina mwa izo mukhoza kuzisamutsira mu mzinda wina uliwonse osasokoneza kanthu. Buku ili ayi. Mukachotsamo Dartmoor mlandu wonse wagwa, chifukwa wakuphayo wadalira malowo, mkaidi wothawa wadalira malowo, ndipo naye tekitivi wabisala momwemo. Ine ndimakhulupirira kuti zinatheka chonchi chifukwa mlembiyo ananyamuka pa tebulo lake nakayenda pansi m'chipululumo mpaka miyendo kuwawa.

Ndiyambe ndi kufotokoza malowo, pakuti m'Chichewa tilibe liwu limodzi lowakwana bwino. Angerezi amati moor. Ndi dziko lokwera, lotambasuka mpaka kumene maso alekeza, lopanda mitengo yambiri, lomera udzu ndi tizitsamba tofika m'mawondo. Amene anafikako ku Nyika angathe kuyerekezako pang'ono, kungoti kumeneku n'konyowa kwambiri. Dartmoor ili m'chigawo cha Devon, kumwera cha kumadzulo kwa Mangalande, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 954. Boma linaisandutsa malo otetezedwa m'chaka cha 1951. Pamwamba pa zitunda zake pali milu ya matanthwe imene eni ake amaitcha tor, yosanjikizana ngati pali munthu amene anachita kuiwaka. Chitunda chachitali koposa, High Willhays, ndi cha mamita 621. Ku Princetown, katauni ka pakati pa chipululucho, kumagwa mvula pafupifupi mamilimita 2,000 pachaka. Zoyendayenda kumeneko ndi nkhosa, ng'ombe ndi akavalo ang'onoang'ono amene amangodzidyera okha popanda mbusa.

Madzi onsewo sapita kutali. Pansi pa nthaka pali mwala wolimba wosalola madzi kulowa, choncho amangodikha m'malo otsika, mmene zomera zakufa zakhala zikuunjikana kwa zaka zikwizikwi osaola bwinobwino. Pamwamba pake pamamera ndere zobiriwira mokongola. Mlendo akaona kubiriwirako amayesa ndi pabwino poponda, pamene mwini dera amadziwa kuti pobiriwira kwambiri ndi pomwe pali poipa. Ukapondapo, pansi pamagwedera ngati waima m'bwato, ndipo mwendo umatha kulowa mpaka m'ntchafu. Ndiye pali chifunga, chimene chimatha kutsika masana dzuwa likuwala, moti patangopita kanthawi munthu sathanso kuona tanthwe limene analilunjika.

Nkhani ya m'bukumo mwachidule ili motere. Banja la a Baskerville lili ndi chinyumba chakale m'mphepete mwa chipululucho, ndipo lili ndi mbiri yoopsa. Akuti m'zaka za m'ma 1600 kholo lawo lina, Hugo, chidakwa chankhanza, linagwira mwana wamkazi wa mlimi n'kumutsekera m'nyumba. Mtsikanayo anathawa usiku kulowera kuchipululu, Hugo namulondola ndi agalu ake osakira nyama. Anzake atawapeza, onse awiri anali atafa, ndipo pa mtembo wa Hugo panali pataima chigalu chakuda cha maso amoto. Kuyambira pamenepo anthu ankati banjalo ndi lotembereredwa, ndipo aliyense wa magazi a Baskerville asayerekeze kuyenda m'chipululumo kutada.

Tsono buku likuyamba pamene mwini nyumbayo, Sir Charles Baskerville, munthu wachikulire wodwala mtima, wapezeka atafa usiku kumapeto kwa kanjira kamene kali ndi kachipata kotulukira kuchipululu. Thupi lilibe bala. Koma dokotala wake, Mortimer, waona chinthu chimene sanauze bwalo lofufuza za imfayo: chapatali pang'ono panali mapazi a chigalu chachikulu. Wolowa m'malo ndi mwana wa mng'ono wake wa malemuyo, Sir Henry, amene wabwera kuchokera ku Canada kudzalandira nyumba ndi chuma cha mapaundi 740,000. Holmes akunena kuti watanganidwa ku London, motero akutuma bwenzi lake, Dokotala Watson, kuti aperekeze mnyamatayo ndi kumalemba makalata ofotokoza zonse zimene akuona.

Mmene bukuli linabadwira ndi nkhani payokha. Doyle, amene anabadwira ku Edinburgh mu 1859 ndipo anaphunzira udokotala, anali atatopa naye Holmes, moti mu 1893 anamupha m'nkhani ina pomugwetsera m'mathithi a Reichenbach ku Switzerland. Owerenga anadandaula, iye osawamvera. Mu 1900 anapita ku South Africa kukagwira ntchito ya udokotala pa chipatala cha asilikali ku Bloemfontein, pa nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu. Pobwerera, m'sitima ya pamadzi, anapalana ubwenzi ndi mtolankhani wachinyamata wa nyuzipepala ya Daily Express, dzina lake Bertram Fletcher Robinson, amene anakulira ku Ipplepen, mudzi wa kufupi ndi Dartmoor. Chaka chotsatira awiriwa anakapuma ku Cromer, m'mbali mwa nyanja, ndipo pocheza Robinson anasimbira mnzakeyo nthano za agalu a mizimu. Nthano zotere ku Devon zilipo zambiri. Ina imanena za Richard Cabell, mwini malo wa ku Buckfastleigh wa m'zaka za m'ma 1600, amene manda ake anawamangira kanyumba kokhala ndi zitsulo, ndipo akuti agalu akuda ankabwera usiku kudzalira pamandapo. Asanachoke ku Cromer, awiriwa anagwirizana zoti pakhale buku.

Apa ndi pamene ndimamupatsa ulemu Doyle. Nthano anali nayo kale m'manja, tekitivi wodziwika anali naye, pongofunika kunena kuti mlanduwu unachitika Holmes asanagwere m'mathithi aja, ndipo magazini ya Strand inali yokonzeka kumulipira mapaundi 100 pa mawu 1,000 alionse. Akanatha kumaliza bukulo ali kunyumba kwake, ndipo ndi owerengeka amene akanadziwa kusiyana kwake. Koma chakumapeto kwa Meyi 1901 ananyamuka kupita ku Dartmoor, nakakhala pa hotela ya Duchy ku Princetown pamodzi ndi Robinson. M'kalata imene analembera amayi ake ali pa hotelapo ananena kuti tsiku limenelo ayenda mamailosi 14, ndipo atopa kutopa kokoma. Anatchulanso kuti malowo ndi achisoni, odzaza ndi tinyumba, miyala yoimika ndi manda a anthu akalekale. Mamailosi 14 ndi makilomita opitirira 22, pa nthaka yonyowa, yokwera ndi kutsika. Amene anayendapo ulendo wotere akudziwa kuti pofika madzulo munthu amakhala ataloweza dera lonse m'miyendo mwake.

Tiyeni titsate mapazi akewo. Malo amodzi amene anafikako ndi Grimspound, bwinja la mudzi wa anthu amene anakhalako zaka pafupifupi 3,000 zapitazo. Pali maziko a tinyumba tozungulira 24 ta miyala, mkati mwa mpanda wamiyalanso. Madenga anatha kalekale, koma makomo akuonekabe. Mlendo wina akanangosirira n'kubwerera. Doyle anaona pobisalira. M'bukumo Watson akuona usiku wina munthu wamtali ataima pamwamba pa tanthwe, mwezi uli kumbuyo kwake, ndipo pomufunafuna akupeza kuti munthuyo akugona m'kanyumba kamodzi ka anthu akale aja. Muli mabulangete, phulusa, ndowa ya madzi ndi zitini zotha chakudya. Munthuyo ndi Holmes mwini wake, amene anabwera mobisa osauza ngakhale bwenzi lake. Taonani vuto limene mlembi anali nalo: kumudzi mlendo amadziwika tsiku lomwe wafika, ndiye tekitivi akanaonera pati anthu iye osaonedwa? Yankho analipeza litagona pa udzu, lomangidwa kale ndi manja a anthu osadziwika mayina.

Pafupi ndi hotela ija panali ndende ya Dartmoor, ya makoma otuwa. Inatsegulidwa mu 1809 kuti isunge asilikali a ku France ogwidwa pa nkhondo za Napoleon, kenaka munalowanso a ku America, ndipo kuyambira mu 1850 inakhala ya akaidi a milandu ikuluikulu. Mpanda wake weniweni ndi chipululucho, pakuti mkaidi akalumpha khoma amakumana ndi kuzizira, matope ndi njala. M'bukumo Doyle anatulutsamo mkaidi mmodzi, Selden, wakupha munthu. Wantchito wa m'nyumba ya a Baskerville, Barrymore, amayatsa kandulo pawindo usiku, kandulo ina n'kuyankha kutali pakati pa miyala, ndipo owerenga amayesa apeza chiwembu. Koma zikupezeka kuti mkaidiyo ndi mlongo wake wa mkazi wa Barrymore, ndipo mayiyo akumutumizira chakudya chifukwa kwa iye ndi kamwana komwe kaja kamene ankakalera. Kwa ine pamenepa ndi pamene bukuli lili ndi mtima. Chifundo chomwecho ndi chimene chikumuphetsa Selden, chifukwa amupatsa zovala zakale za Sir Henry, chigalu n'kutsata fungo la zovalazo mpaka iye kugwa pa tanthwe n'kuthyoka khosi. Ndende yeniyeniyo inagwira ntchito mpaka m'masiku athu ano. Mu 2024 akaidi anasamutsidwamo chifukwa cha mpweya woipa wotchedwa radon umene umatuluka m'mwala wa kumeneko.

Koma mphatso yaikulu ya ulendowo inali dambo. Makilomita ochepa kumwera cha kummawa kwa Princetown kuli dambo la Fox Tor, ndipo m'mbali mwake muli bwinja la mgodi wa tini wotchedwa Whiteworks. Doyle anatenga ziwirizi n'kuzikulitsa. Dambo analitcha Grimpen, nalisandutsa lomeza munthu ndi nyama yomwe, ndipo mgodi uja anausunthira pa kachilumba ka pakati pa matopewo. Pamene Watson akuliona koyamba, kavalo wina akutitimira m'maso mwake, khosi lokha likuphiriphitha, akulira kulira kosautsa. Fox Tor yeniyeni siyoopsa chomwecho. Anthu odziwa amaiwoloka, ngakhale amatuluka atanyowa ndi kuda matope. Ena anganene kuti pamenepa mlembi ananama. Ine sindikuona choncho. Anawonjezera kuya kwa matope, inde, koma khalidwe la dambo analisiya mmene liliri: kubiriwira konyenga, kugwedera kwa pansi, fungo la zoola, ndi mfundo yakuti njira ilipo koma amaidziwa ndi mmodzi. Zimenezi munthu sangazipeke atakhala pampando.

Woidziwa njirayo m'bukumo ndi Stapleton, mnansi wa a Baskerville, munthu wofatsa wokonda kuthamangitsa agulugufe ndi kaukonde kake. Akuuza Watson monyadira kuti ngakhale wakhala m'deralo zaka ziwiri zokha, amatha kulowa mpaka pakati pa dambolo n'kubwerako wamoyo. Woyenda kwambiri m'buku lonse ndi iyeyu, ndipo wakupha ndi yemweyu. Ndi wa magazi a Baskerville amene anasintha dzina, mwana wa mng'ono wina wa Sir Charles, ndipo akudziwa kuti anthu awiri okha akachoka, chuma chonse ndi chake. Anagula galu wamkulu woopsa ku London, namumangirira pa kachilumba kaja pamene palibe amene akanafika, ndipo pomumasula usiku ankamupaka mankhwala owala mumdima kukamwa ndi m'maso. Sir Charles sanalumidwe n'komwe. Anangoona chimene anachiopa moyo wake wonse chikumuthamangira, mtima wake n'kuima. Galuyo akalira ndi njala kudamboko, anthu a m'midzi ankatseka zitseko, ndipo Stapleton ankafotokozera ophunzira kuti mwina ndi matope akusuntha, kapena mbalame ina ya m'madambo.

Ndipo chifunga Doyle anachisungira kumapeto. Holmes wakonza msampha: Sir Henry ayende yekha usiku kuchokera kunyumba kwa Stapleton, iwo atabisala ndi mfuti m'mbali mwa njira. Zonse zawerengeredwa bwino, kupatula chinthu chimodzi chimene nzeru za tekitivi sizingalamule. Chifunga choyera chikukwawa kuchokera kudambo, chikumeza mpanda, chikumeza mitengo ya zipatso, ndipo obisalawo akukakamizika kubwerera m'mbuyo kufunafuna pokwera. Galuyo akutulukira m'chifungamo ali pafupi kwambiri, moti akugwetsa Sir Henry Holmes asanamalize kumuombera. Chifunga chomwecho ndi chimene chikuweruza mlandu. Stapleton akuthawira kudambo lake, kumene anazika timitengo tosonyeza njira, koma usiku umenewo timitengoto sitikuoneka. M'mawa mwake akupeza nsapato imene anataya pothawa. Iye sanapezeke.

Pa tchuthi china ndinkasimbira ana anga nkhaniyi m'Chichewa madzulo, mutu umodzi tsiku lililonse, anganga awo ali pomwepo akusankha mpunga. Nditafika pa mapazi a chigalu, amayi anaimitsa lichero nati, "Ameneyo ndi wotumidwa, mwanangu. Palibenso chofufuza apa." Ndinati, "Amayi, dikirani timalize kaye." Anadikiradi masiku onsewo, osajomba, ngakhale ankanamizira kuti akungokhalira ana. Titamaliza anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Ndiye kuti wotuma analipo ndithu, kungoti galuyo anachita kugula. Ndipo ndi wachibale. Chuma cha masiye n'chimodzimodzi kulikonse."

Amayi sanaphonye kwenikweni. Funso lawo ndi la Holmes linali limodzi: watuma ndani? Kusiyana kwake n'kwakuti Holmes anafunsanso funso lina laling'ono. Sir Henry ali ku hotela ku London anaberedwa nsapato imodzi yatsopano, imene inabwezedwa, kenaka n'kuberedwa ina yakale. Wakuba wanji amene amabweza nsapato yatsopano n'kutenga yakutha? Ndi amene akufuna fungo. Ndipo chimene chikufuna kununkhiza nsapato kuti chipeze munthu ndi galu wa mnofu ndi mafupa, wodya ndi womangika pa unyolo, amene mwini wake ali ndi dzina ndi nyumba. Ife a m'mbali mwa nyanja nkhani zotere sitichita kuuzidwa. Munthu akamwalira mwadzidzidzi atasiya makoka, boti kapena nyumba ya malata, sipatenga nthawi kuti timve za fisi kapena ng'ona yotumidwa, ndipo mawu amenewo akangotuluka kufunsa kumathera pomwepo. Chala chimaloza gogo wina wopanda womuteteza, pamene katundu akutuluka pa khomo la kuseri masana. Zobisika amazidziwa ndi Allah yekha, koma nsapato yosowa ndi ya ife kuifunsa.

Pali chinthu china cha Doyle chimene chimandimvetsa chisoni. Munthu yemweyu amene analemba buku losonyeza mmene mantha a mizimu amabisira chigawenga, m'zaka zake zomaliza anadzipereka ku gulu la anthu onena kuti amalankhula ndi akufa. Mwana wake Kingsley anamwalira mu 1918, mng'ono wake Innes mu 1919, choncho sindikufuna kumuseka. Mu 1920 anafalitsa m'magazini yomwe ija ya Strand zithunzi zojambulidwa ndi atsikana awiri a ku Cottingley, zoonetsa tianthu ta mapiko ta m'nthano, iye nakhulupirira kuti n'zenizeni. Mu 1983 atsikana aja, atakalamba, anavomera kuti tinali tizithunzi ta mapepala tobaya ndi mapini. Chimene ndinaona powerenga mbiri imeneyi n'chakuti ulendo umenewo Doyle sanapite yekha ku Cottingley kukaona malowo. Anatuma munthu wina, iye akukonzekera ulendo wa ku Australia.

Doyle sanali yekha woyenda ku Dartmoor. Mu 1916 mayi wina wachitsikana wa ku Torquay, tauni ya kufupi komweko, amene ankagwira ntchito yosakaniza mankhwala pa chipatala nthawi ya nkhondo, anali atatitimira pakati pa buku lake loyamba. Amayi ake anamulangiza kuti achoke kaye pakhomo. Anakakhala masabata awiri pa hotela ya Moorland ku Haytor, kummawa kwa chipululucho. M'mawa ankalemba, masana n'kumayenda yekha, akulankhula mokweza mawu a anthu a m'nkhani yake, uyu akafunsa uyo n'kuyankha, mpaka mutu wotsatira utapsa m'maganizo. Mayiyo ndi Agatha Christie, ndipo bukulo ndi The Mysterious Affair at Styles, limene linatuluka mu 1920 ndi kudziwitsa dziko tekitivi wina, Hercule Poirot. M'buku limenelo mulibe chipululu, nkhani yonse ili m'nyumba ya ku Essex. Pa ulendo umenewo Dartmoor inamupatsa malo oyankhula yekha popanda womuyesa wamisala.

Koma mapazi saiwala. Mu 1931 Christie anatulutsa The Sittaford Mystery, ndipo m'menemo Dartmoor yalowa yonse, nthawi yozizira, misewu itatsekedwa ndi chipale chofewa. Anthu asanu ndi mmodzi akhala mozungulira tebulo m'kamudzi ka pamwamba pa chitunda, akuchita masewera oitana mizimu, ndipo tebulolo likuwauza kuti Captain Trevelyan waphedwa. Mwini dzinayo ali m'tauni ya kumunsi, mtunda wa mamailosi 6. Bwenzi lake lakale likunyamuka wapansi kukaona, likufika patapita maola awiri ndi theka, n'kupezadi mtembo. Ndani angakayikire munthu amene anali pa tebulo nthawi imene mzimu unalankhula? Mtsikana wina, amene chibwenzi chake chamangidwa pa mlanduwo, ndiye akuzindikira kuti njira yonseyo ndi yotsetsereka, ndipo munthu wovala matabwa aja aatali otsetserekera pa chipale angatsike mamailosi 6 m'mphindi zowerengeka. Tebulo analigwedeza ndi bwenzilo, kuti nthawi ya imfa ilembedwe iye asananyamuke. Ndimaona kuti buku limeneli silifika pa la Doyle pa kuopsa, koma pa kuwerengera mtunda ndi nthawi limaposa.

Tibwerere kwa Robinson, chifukwa pa ulendo uja wa 1901 mlendo anali Doyle, mwini dera anali iyeyo. Ndiye ankadziwa kumene kuli tinyumba ta miyala, kumene kuli dambo, ndi nthano imene imayenda ndi tanthwe lililonse. Poyamba Doyle anafuna kuti mayina onse awiri aoneke pa nkhaniyo. Itayamba kutuluka mu Strand, kuyambira Ogasiti 1901 mpaka Epulo 1902, ndi pamene inakhala buku mu 1902, dzina la mlembi linali limodzi, ndipo Robinson anangothokozedwa m'mawu ochepa. Kulemba kunalidi kwa Doyle, aliyense wodziwa kalembedwe kake angavomereze. Komabe ndimati mawu othokozawo akanatha kutalikirapo, chifukwa masiku ochepa sakwana kuti mlendo adziwe chipululu cha masikweya kilomita 954 popanda womulozera. Robinson anamwalira mu Januwale 1907 ndi matenda a tayifodi, ali ndi zaka 36.

Panalinso munthu wachitatu. Kumene kunali msewu, awiriwa ankayenda pa ngolo ya akavalo ya banja la a Robinson, ndipo woyendetsa ngoloyo, amene ankawadikira iwo akalowa m'thengo, anali wantchito wa pakhomopo, dzina lake Harry Baskerville. Buku litatuluka, Robinson anamupatsa limodzi, atalembamo mawu opepesa chifukwa chogwiritsa ntchito dzina lake. Bamboyo anakhala ndi moyo wautali, ndipo mpaka ukalamba wake atolankhani ankabwera kudzamufunsa za masiku amene ananyamula mlembi uja.